Malaya Otembenuza a Dabwitso

Dabwitso ndi mwana wa mlongo wanga. Ndinamunyamula ali wakhanda, koma mpaka lero sindinamumvetse bwinobwino. Amakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina mumsika wa Maramba. Wailesi imene ena aitaya, iye amaiika kukhutu n'kukuuzani pamene pafa asanaitsegule n'komwe. Koma mukamuyankhula pamsikapo, mawu anu amalimbana ndi kondakitala wa minibasi, chikwanje cha wogulitsa nyama ndi ntchentche yomwe, ndipo kawirikawiri ntchentche ndiyo imapambana. Pabenchi pake sipasowa mawailesi anayi otsegula, iliyonse yoyambidwa n'kusiyidwa. Kukhala phee sakudziwa, mwendo umangogwedezeka wokha.

Chimene chinkandizunguza mutu kwambiri ndi zovala. Akagula malaya pa salaula, pogulitsira zovala zovalidwa kale, ankayamba wadula kansalu ka pakolala, kenako n'kuvala motembenuza, misoko ili kunja. Ndinamufunsa kangapo chifukwa chake. Ankati msoko umamuyenda pakhungu ngati linthumbu. Ine ndinkangoti ndi matama, ndipo sindibisa, ndinkamukalipira.

Mu Okutobala 1994 anapeza mbeta, Tionenji wa ku Dambwa North, ine n'kukhala nkhoswe. Ndinamuchenjeza kuti kwa apongozi mkamwini amakhala maso pansi, osatakataka, ndipo akalakwitsa kumeneko mkazi wamuphonya. Ndinamubwereka jekete yanga, n'kumulamula kuti tsiku limodzi lokhalo avale malaya ngati munthu. Anavomera msanga kwambiri. Pamenepo ndi pamene ndikanayenera kukayika.

Tsiku lopita kwa apongoziwo kunatentha koopsa, ndiye nyumba yawo ya malata. Dabwitso anapirira, thukuta lili kamukamu, dzanja litapanikiza bondo kuti lisavine. Amake Tionenji, amene akhala akusoka zovala zaka zambiri, anamumvera chisoni. Mwa mwambo sakanamuyankhula okha, choncho anadzera mwa ine.

"Bamalume, muuzeni achoseko jekete, azakomoka."

Dabwitso anazengereza, ine n'kumugunda ndi chigongono. Kenako anavula. Misoko yonse inali kunja, ulusi uli lendelende. Atate a Tionenji anandiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa kwathu ambiri amati wovala motero walangizidwa ndi sing'anga.

"Bankhoswe, ni mankhwala aya? Mwabwela kutipusisa mu nyumba yathu?"

Ndinachita manyazi, ndinapsanso mtima, poona ukwati ukutha chifukwa cha malaya a pa salaula.

Amake Tionenji anadzuka, n'kuiwala mwambo wonse. Anayandikira mkamwiniyo, nagwira msoko wa paphewa ndi zala ziwiri, monga amachitira atelala.

"Iwe mwana, uvalila chani so?"

"Msoko umanibaba, amai. Nikavala bwino sinimvela vamene munthu akamba, nimvela chabe msoko."

"Kubaba kwa zoona? Osati kufuna chabe?"

"Kwa zoona. Kuyambila nili mwana."

Mayiwo anabwerera pampando pang'onopang'ono. Kenako anayamba kufotokoza, osayang'ana munthu. Mwana wawo woyamba, Jeffrey, ankalira m'mawa uliwonse akamuveka yunifomu imene iwo anasoka ndi manja awo. Ankaivula panjira, ankadzikanda mpaka kutuluka magazi. Iwo ankamukwapula, tsiku ndi tsiku, mpaka anasiya sukulu. Atakula anakwera sitima ya ku Kitwe, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi osalemba kalata.

"Nenze kuganiza anyoza vosoka vanga," anatero. "Sininamufunsepo olo kamozi."

Ine ndinayang'ana pansi, pakuti wanga ndinkamufunsa, koma yankho lake sindinkalikhulupirira. Za mankhwala palibe anazitchulanso. Atate a Tionenji anatsokomola, nati tipitirize zimene tinabwerera. Dabwitso anakhala ndi malaya ake otembenuza mpaka tinatsanzika, mwendo ukugwedezeka mwaufulu.

Patatha mlungu ndinapitanso ku Dambwa North kukakambirana za tsiku la ukwati. Ndinapeza mayiwo ali pa makina, akusoka malaya awiri a nsalu yofewa, opanda kansalu pakolala, misoko yake yogonetsedwa kunja mwaluso moti sungadziwe. Amodzi anali a msinkhu wa Dabwitso. Enawo anali okulirapo m'mapewa, ndipo anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wopita ku Kitwe.

"Saizi yake siniiziba manje," anatero, akudula ulusi ndi mano. "Nayelekeza chabe."