A Levison ndi Injini Yozima Pakati pa Nyanja

Ku Ngala, injini ya boti ikayamba matama, palibe amene amafunsa kuti aitengere kwa ndani. Amangoikweza pawilibala, ulendo wa pansi pa mtengo wa mango pamene a Levison Maganizo akhala akumasula mabawuti kwa zaka zoposa makumi awiri. Shedi yawo ndi malata anayi okha, benchi yakuda bii ndi oyilo, ndi mgolo wodzaza madzi momwe amayeseramo mainjini. Ntchitoyi sanaipitire kusukulu ayi. Anayamba ku Dwangwa, kukonza mapampu a madzi a m'minda ya nzimbe, kenako njinga zamoto, mpaka tsiku lina msodzi wina anawabweretsera injini yomwe inamira pa mwera. Anaimasula yonse, kuiyanika padzuwa chidutswachidutswa, kuimanganso, ndipo inalira. Kuyambira pamenepo asodzi sanawapatsenso mpata wobwerera ku njinga.

Ndi munthu wamfupi, wadazi, woimba besi m'kwaya ya Angilikani, ndipo chimene chimawadyetsa ndi makutu. Amatenga sikuludalaiva, nsonga yake kuigunditsa pa injini, chogwirira pakhutu, n'kutsinzina. Akaphenya amakuuzani kuti ndi pulagi kapena kabureta, ndipo kawirikawiri zimakhaladi choncho. Zofooka ali nazo ziwiri. Choyamba, amaopa madzi. Zaka zonsezi akukonza mainjini a maboti, koma kusambira sadziwa, ndipo boti anali asanakwerepo kupitirira pomwe madzi amalekeza m'chiuno. Chachiwiri ndi pakamwa. A Levison sadziwa kunena kuti "sindikudziwa". Akazi awo, a Zelifa, anawauzapo kambirimbiri kuti lilime lilibe fupa, koma nanga munthu amene doko lonse limamutcha dokotala angamvere za kunyumba?

Chaka chatha mu Juni, mwera utayamba kuwomba, kunabwera injini ya Mayi Benedicta. Mayiwa ndi amasiye, ndipo amuna awo anawasiyira boti limodzi lonyamula anthu, matumba a mpunga ndi nsomba zouma pakati pa Ngala ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Woyendetsa botilo anali Habibu Useni, bambo wa ana atatu, munthu wofatsa, wosamwa, amene anali atagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi ziwiri popanda dandaulo.

Matenda a injiniyo anali odabwitsa. Inkanyamuka bwinobwino, koma ikayenda ngati theka la ola inkayamba kutsokomola, kenako zii, pakati pa nyanja. Habibu ankakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, anthu m'botimo akupemphera aliyense m'chipembedzo chake. Akatsegula thanki kuti aone ngati mafuta atha, ankapeza alimo. Akakokanso, ija yalira ngati sinalakwe kanthu. Masiku ena inkapita ku Bua n'kubwerako osatsokomola ngakhale kamodzi.

Ulendo woyamba a Levison anasintha pulagi. Wachiwiri anatsuka kabureta. Wachitatu anaiika mumgolo, kuilumikiza kuthanki yawo ya pashedi, n'kuisiya ikulira maola awiri athunthu. Inalira mosalala mpaka anthu okhala pabenchi anatopa ndi phokoso. Apa ndi pamene munthu wanzeru akanangoti, "Mayi, yandikanika." Koma pabenchipo panali anthu asanu ndi mmodzi akuyang'ana, ndipo a Levison anapukuta manja n'kukweza mawu.

"Mayi, injini iyi ilibe vuto. Injini sinama, amanama ndi anthu. Mufufuze mafuta amene akulowa umu. Masiku ano oyendetsa ena amapungula petulo n'kuthiramo parafini."

Dzina la munthu sanatchule, inde. Koma boti la Mayi Benedicta lili ndi oyendetsa angati? Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kumsika, ndipo pofika sabata yotsatira Habibu anali ndi dzina latsopano. Akamadutsa padoko, wina ankangoti, "Parafini wafika," ena n'kumaseka chamumtima. Mayi Benedicta anasiya kumutuma kogula mafuta. Anayamba kuthira okha m'thanki m'mawa uliwonse, osati masiku ena okha ngati kale, n'kutseka okha chivindikiro. Ndiye taonani zake, injini ija inayamba kuzima tsiku ndi tsiku, osaphonyanso. Mayiwo anati ndiye kuti mwamunayu akuchitira zake panyanja pomwepo, ndipo anamuuza kuti Loweruka likubwerali ndi lomaliza.

A Levison anazimva kwa a Zelifa Lachitatu masana, atabwera kudzawapatsira chinangwa chophika pashedi.

"Mwamva kuti Habibu akumuchotsa ntchito?"

"Ndamva mphekesera."

"Mphekesera? Zachokera pabenchi panu pano. Ndikufunseni, bambo, parafiniyo munamuona ndi maso anu akuthira?"

A Levison anakankhira chinangwacho pambali. A Zelifa atapita, anafufuza m'chitini momwe amaponyamo mapulagi akale mpaka anapeza ija anachotsa ulendo woyamba. Injini yomwa parafini imafuka utsi, ndipo pulagi yake imada ndi mwaye. Iyi inali yotuwa mbee, ngati ya injini yomwe ikuchepekedwa mafuta. Zimenezi ankazidziwa kuyambira kale, kungoti tsiku lija sanafune kuziyang'ana. Anachita manyazi kwambiri.

Lachinayi m'mawa anthu a padoko anaona zachilendo: a Levison atapinda buluku mpaka m'mawondo, chikwama cha masipanala pakhosi, akukwera boti la Mayi Benedicta. Habibu anawayang'ana osamwetulira.

"Mwabwera kudzandigwira, bambo?"

"Ndabwera kudzaimva ikuzima. Tiye."

Anakhala pathumba la mpunga pafupi ndi injini, manja onse awiri atagwiritsa m'mphepete mwa boti. Mafunde a mwera ankalinyamula boti n'kulimenyetsa pansi. Mayi wina wonyamula dengu la tomato anafunsa a Levison ngati akufuna ndimu yoletsa mseru. Iwo anangopukusa mutu, khutu lili ku injini. Atayenda theka la ola, anaimva ikusintha mawu Habibu asanaimve. Inatsokomola kawiri, n'kuzima.

Habibu anatambasula dzanja kuti atsegule thanki monga mwa masiku onse.

"Usakhudze chilichonse!" anatero a Levison.

Anagwada m'madzi a pansi pa boti n'kuyamba kutsata paipi ya mafuta ndi zala, kuchokera ku injini. Pakati pa paipiyo pamakhala kapampu ka labala kofinya ndi dzanja, kamene kamayenera kukhala kotupa ngati dzira. Anakapeza kataphwa, kali phwatalala ngati wina wakaponda. Atafika pathanki, yomwe inali ya pulasitiki yofiira, anaona kuti nthiti zake zalowa m'kati. Anapotokola chivindikiro pang'onopang'ono, ndipo thankiyo inakoka mpweya, fyuu, nthiti zija n'kubwerera m'malo. Pansi pa chivindikiro panali kapepala ka pulasitiki kochokera ku paketi ya shuga, kopinda kawiri, kotseka pakamwa ponse pa thanki.

"Ichi n'chiyani, Habibu?"

"Amaikapo ndi mayi, kuti petulo asamatayike boti likamadumpha pa mwera. Ngati mmene amachitira ndi chigubu cha mafuta ophikira."

"Ndiye iwe ukatsegula umabwezerapo?"

"Nanga ndingachotse chimene aika eni ake?"

A Levison anakhala pansi m'madzi momwemo. Ndani kuno satseka chigubu ndi kapepala? Wogulitsa thobwa amatero, wonyamula mafuta panjinga amatero, ngakhale a Zelifa amatero. Koma thanki ya injini si chigubu. Pachivindikiro chake pali kabowo kakang'ono kopumira, kuti mafuta akamatuluka mpweya uzilowa. Mukakatseka, injini imayamwa mpaka thanki kufinyika, kenako mafuta amaleka kubwera. Habibu akatsegula kuti aone mafuta, mpweya unkalowa, injini n'kudzuka, iye n'kubwezerapo kapepala kaja mwaulemu. Masiku amene inkayenda bwino anali aja mayiwo ankakhala atapita kumsika ku Benga, Habibu n'kuthira yekha mafuta osaikapo kapepala. Ndipo pashedi paja sikanazima ngakhale akanaisiya ikulira mpaka Khirisimasi, chifukwa a dokotala ankaiyesera pathanki yawoyawo.

Atabwerako masana, Mayi Benedicta anali padoko akudikira. A Levison anawaonetsa kapepalako n'kuwafotokozera zonse. Mayiwo anagwira pakamwa, nakhala pamphepete mwa boti.

"Mayo ine! Ine ndimati ndikusamala."

"Inu munalakwitsa posadziwa, mayi. Wolakwa weniweni ndine."

Sanalekere pomwepo. Anapita pomwe amayi amayanika usipa pamathandala, pomwe panali anthu ambiri kuposa aja a pabenchi, n'kuyankhula ndi mawu awo a besi aja. Anati Habibu sanabe petulo ngakhale dontho, kuti za parafini zija anazipeka iwo a Levison chifukwa injini inawakanika ndipo anachita manyazi kuvomera. Anthu anamva, koma chimene chinawakomera kwambiri ndi nkhani ya paketi ya shuga. Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Ndiye Parafini wapulumuka!" ndipo anasekanso.

Habibu anali ataima poteropo, akukulunga chingwe cha boti pamkono. Mayi Benedicta anamuyandikira, namupempha kuti aiwale za Loweruka zija. A Levison nawonso anabwera, chipewa chili m'manja.

"Ndamva, mayi. Ndamva, bambo, ndipo zikomo kuti mwanena pagulu," anatero Habibu. "Koma ndinalonjeza kale kwa a Kingston ku Bua, ndikayendetsa boti lawo. Ine ndekha ndikanapirira. Koma ana anga kusukulu akuwatcha ana a Parafini. Wamkulu uja sabata ino yonse wakana kupita."

Mayiwo anachonderera mpaka misozi, koma Habibu ndi munthu woti akanena wanena.

Loweruka m'mawa Mayi Benedicta anapereka boti lawo kuti lisamutse banjalo. A Levison anatseka shedi, nathandiza kunyamula matiresi, mapoto, mbuzi imodzi ndi makina osokera a mkazi wa Habibu. Kenako anakwera nawo, popeza panafunika munthu wobwerera nalo botilo, ndipo panalibe wina amene iwo akanalola kuti apite m'malo mwawo. Habibu ndiye anagwira chiwongolero, ana ake atatu atakhala pamatiresi osayang'ana kumbuyo. A Levison anatchera khutu njira yonse, mwina mwachizolowezi chabe. Injiniyo inalira bwinobwino kuchokera ku Ngala mpaka ku Bua, osatsokomola ngakhale kamodzi.