Mtedza umene unandimanitsa boma

Mpaka lero kwathu ku Mavwere amandiloza kuti "uja anaviika mtedza", ndipo ndikamva mtima umachita kuwira.

Amalume ali ndi golosale pa boma. Chaka chimenecho ankafuna mphwawo mmodzi woti azikawathandiza, ine kapena achimwene. "Ndikufuna wanzeru," anatero. "Ndidzamutenga sabata yamawa." Ine ndinayambiratu kutsanzika ndi nkhuku zomwe.

Amayi anatipatsa aliyense thumba la mtedza kuti tiswe. Kwathu timawaza timadzi pa makoko kuti afewe, zala zisapweteke. Achimwene anawaza n'kukhala pansi, thwa, thwa, monga ankachitira makolo a makolo athu. Mutu osaugwiritsa ntchito n'komwe.

Ine ndinaganiza. Chimafewetsa makoko n'chiyani? Madzi. Timadzi tochepa, kufewa pang'ono. Nanga ambiri? Ndinakhuthulira mtedza wonse m'diramu la madzi n'kuugoneka momwemo. Mawa lake makoko ankachita kudzivula okha, ena mpaka kundipatsa moni. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditamanga kale thumba, achimwene akadali kupemerera zala.

Tsiku lobwera amalume, amayi anamasula thumba langa. Abale inu, munda! Wina utamera, wina utavala chuku ngati ndevu, fungo lake mpaka a ku Zambia anatseka mphuno.

"Iwe, mutuwu ndi wosenzera madzi basi?" amayi anakuwa.

"Amayi, inu munati tiswe. Zosunga munandiuza?"

Amalume anaseka mpaka kutsamira njinga yawo. "Mphwanga, kuganiza waganiza ndithu, koma kwathera m'diramu. Wanzeru amafunsanso kuti, ndiye kenako?"

"Nanga achimwenewa afunsa chiyani?"

"Palibe. Koma mtedza wawo ulipo."

Mwamva? Palibe! Munthu wosafunsa kanthu, wongotsata gulu ngati nkhosa, ndiye wanzeru? Ine vuto ndinaliona, ndinalisinkhasinkha, ndinayesa njira. Chinandisowa ndi kafunso kamodzi kokha, pomwe iwo alibe ndi limodzi lomwe. Ndipo amene anayambitsa zowaza madzizo, mukuti sanaoletse matumba asanapeze muyeso wake?

Achimwene anakwera pakaliyala n'kumandibayibitsa ngati akupita ku Joni. Pano akuyeza shuga m'golosale pa boma. Ine amayi anandituma kukatayira nkhumba mtedza wanga. Nazonso zinangonunkhiza n'kundiyang'ana.