Mbaula Igone Panja

Ndinadzuka kusanache, mwana akufuna bere. M'nyumba ya siwa munali amayi okhaokha, ena atagona chokhala, ena akung'ung'udza nyimbo yomwe anachezera usiku wonse. Kunja mvula inkawaza. Pakati pa chipinda panali mbaula, makala ali psu, chitseko chili chotseka. Wina anailowetsa ife tili m'tulo. Ndinabereka mwana, n'kuigwira ndi nsanza, n'kukaisiya pakhonde. Mayi wina anadandaula kuti akuzizidwa. Ndinangobwerera pamalo panga. Ine pagulu sindiyankhula. Ngakhale kusukulu, zaka zochepa zomwe ndinapitako, dzanja sindinkakweza.

Malemu anali achimwene anga, mlimi wa mpunga kuno ku Wovwe. Mabowo olowera mphepo a chipinda chawo anawatseka ndi masaka chifukwa cha udzudzu wa kuminda, kuti mwana wawo asalumidwe. Tsiku lomalizalo anabwera kumunda atanyowa thupi lonse. Akazi awo, alamu anga, anawaphikira nyemba, n'kuthamangira kuchipatala ndi mwanayo, yemwe anatentha thupi, ndipo anagona komweko. Achimwene analowetsa mbaula kuti zovala ziume. M'mawa ndine ndinakankha chitseko. Anali ngati akugona. Nkhuku yomwe inkafungatira mazira kunsi kwa bedi nayo inali itafa.

Kuchipatala adokotala anauza amalume, ine ndili pomwepo, kuti ndi mpweya wa makala. Suoneka, sununkha, umangogonetsa munthu. Anati m'matauni muli kachipangizo kolira mpweyawo ukachuluka m'nyumba, koma ife kuno tidalire zenera. Amalume anangopukusa mutu. Kumudzi nkhani inali itayenda kale kuti m'nyemba munali kanthu.

Tsiku la maliroli kutacha, moto unayaka kuseri kwa nyumba, pansi pa malata akale. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkatiliza kuposa maliro. Tinaphika mpunga wa m'munda mwa malemu. Alamu anga anakhala pakona, atafunda chitenje chakuda. Mbale yawo inkabwera yokha, n'kubwerera yosakhudzidwa. Amayi anga sanawayang'ane ngakhale kamodzi. Ndinamva amayi awiri akunong'ona kuti maliro akatha alamuwo aperekezedwa kwawo, mwana atsala.

Anthu anadza ambiri. A ku Uliwa anabwera pa lole yomwe inatitimira m'matope, n'kumaliza ulendo wapansi nsapato zili m'manja. A ku Vinthukutu anabwera pa njinga, atamanga nkhuni kumbuyo. Alimi anzawo anachokera kuminda matope ali m'miyendo. Nkhalamba ina inauza aliyense kuti yemwe ankatsegula ngalande ya kumunda kwake anali malemu, osalandira kanthu. Ndinamva kukoma mumtima. Sindinkadziwa kuti mwana wa amayi anga ankadziwika chotere.

Dzuwa litatuluka pang'ono, mwambo unayamba pabwalo. Amalume anaimirira kufotokoza za imfa. Anati mwana wawo sanadwale, anadya chakudya cha m'nyumba mwake, n'kugona, osadzukanso. Mawu awo anathera pomwepo. Mitu yonse inatembenukira kwa alamu anga.

Sindikudziwa chomwe chinandidzutsa. Ndinayenda mwana ali kumbuyo, n'kukagwada kutsogolo kwa azibambo.

"Khala pasi, iwe!" anatero mkulu wina. "Wayamba liti kuyankhula pa maliro mwana wamkazi?"

Ndikanabwerera. Koma kuchokera pamphasa ya anamfedwa ndinamva mawu a amayi anga, osasa ndi kulira, akunena m'chiyankhulo chathu kuti andisiye ndiyankhule: "Mulekani wayowoye."

Ndinayankhula nditayang'ana pansi. Ndinati nyemba zija alamu ananditengerako m'mbale asanapite kuchipatala, ndinadya ine ndi amuna anga, ndipo ndi ife tili pano. Ndinati nkhuku sinadye nyemba, koma inafa m'chipinda chomwecho. Ndinanena za masaka a m'mabowo, za mbaula, ndi mawu a adokotala. Pomaliza ndinati ngakhale lero m'mamawa mbaula inali m'nyumba ya siwa, amayi odzaza, chitseko chotseka.

Kenako namwino wina wochokera kumwera, yemwe anabwera kudzakhuza, ananena ali chikhalire kuti, "Akunena zoona mayiwa." Mayi uja wozizidwa anaseka pang'ono ndi manyazi. "Ndiye bwenzi adzukulu atatopa nafe lero," anatero. Amalume anayang'ana chipewa chawo, n'kunena kuti adokotala anaterodi.

Ngolo yonyamula maliro sikanatha kudutsa m'matope. Alimi ananyamula bokosi pamapewa, akulandizana m'kanjira kodutsa pakati pa minda, mpunga ukuwakhudza m'mawondo. Amayi a mpingo ovala zoyera ankatsogola ndi nyimbo, malaya atathimbirira m'munsi. Kumanda dothi linali lolemera, lomata pa fosholo. Nthawi yoika nkhata itakwana, alamu anga analephera kuimirira. Amayi anga ndiwo anawagwira m'khwapa.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala mapoto ovundikira ndi phulusa lonyowa. Amayi anga anatenga mtengo wa mpini, n'kulowa m'chipinda cha malemu. Ndinawamva akutokosa. Masaka anagwa limodzilimodzi, kamphepo kanalowa, udzudzu nawo. Anandiuza kuti ndimange neti.

Kenako anakakhala pamphasa pafupi ndi alamu anga, n'kuitanitsa mbale imodzi. Munali mpunga ndi nyemba zotsala. Anayamba okha kudya, n'kuikankhira kwa mpongozi wawo.

"Idyani, mama. Mwana akufuna mphamvu zanu."

Tinadya atatu. Mwana wanga ndi wa alamu anali atagona pamphasa imodzi, zenera lili lotsegula. Pakhonde, madontho a padenga ankagwera pa mbaula, makala akuzima okha.