Chithunzi cha Tadala chafika kwa amayi ake

Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Neno zavuta.

Chithunzi chija anatumiza Tadala ndi mwamuna wake, ali kunyanja ku Durban, ine wopusa ndakaonetsa amayi ake, achemwali anga a Nachisale. Ndimati asangalale kuti mkamwini wapeza ntchito, mwana wayamba sukulu ya unamwino. Iwo maso angoti dwii pa ntchafu, poti Tadala wavala tizovala tosambira tating'ono.

"Achimwene, mwana wanga akuyenda chonchi pagulu, mwamuna ali pambali akuseka? Nkhoswe ndinu, kamutengeni!"

Paja awa anakula nthawi ya chipani chimodzi. Ndikukumbuka anyamata a chipani akuwabweza pamsika wa pa Boma, ine nditawasenzera dengu, chifukwa diresi inaonetsa bondo. Analira njira yonse. Kwa iwo bondo ndi mlandu mpaka lero.

Ndanenerera ngati ndili pa belo ya kaunjika. Tayambira pothetsa banja, tatsikira poitana ankhoswe akuchimuna ku Lisungwi, tathera pa chitenje. Atulutsa m'sutikesi chomwe ankavina nacho masiku amenewo, chonunkha mankhwala a njenjete. Akuti mwana avale chimenechi, ajambulitsenso. Lamulungu likadutsa popanda chithunzi chatsopano, akwera okha minibasi ya ku Lisungwi.

Chondiwawa n'chakuti tizovala timeneti ndakhala ndikutigulitsa pa kaunjika wanga zaka zonsezi, ndikuuza makasitomala kuti n'ta ana.

Abale, kodi chitenjechi chikafika bwanji ku Durban Lamulungu lisanakwane? Kapena Tadala agule chofanana konko, tiwanamize amayi ake? Iwe Tadala, ndikuona kuti wawerenga. Yankha, malume akone mtima uli m'mwamba.