Ndowa Sibwezedwa Yopanda Kanthu

Kwathu kuno ku Bembeke wophika thobwa amayamba ndiye kumwa. Amatunga ndi chipanda, n'kumwa anthu akuona, kenako n'kupatsira alendo. Timati kuchotsa ufiti. Masiku ano ambiri amanena mawuwa akuseka, koma tayesani kudumpha mwambowo tsiku limodzi muone ngati kusekako kungapitirire. Ine ndinachotsa ufiti zaka zoposa makumi atatu osaganizako n'komwe, chifukwa thobwa la paukwati, la paubatizo ndi la anthu okumba mbatatesi m'mudzi mwathu linkachokera m'manja angawa. Sikudzitama ayi. Chimera cha mawere ndinkameretsa ndekha, ndipo shuga sindinkaumira. Anthu ankachoka pa thobwa la kwina n'kudzatsukira kukhosi kwa ine.

Ndinalinso ndi achinjira anga. Chinjira si chibale. Ndi ubwenzi wochita kusankhana akazi awiri, n'kumaonekera poyera pa maliro ndi pa chisangalalo pomwe. Ife tinasankhana tili ndi ana oyamba kumsana, tikuchokera ku tchalitchi mvula itatitsekereza pakhonde la sitolo. Lamulo lathu linali limodzi: chiwiya cha mnzako sichibwezedwa chopanda kanthu. Ndikawatumizira nyemba m'lichero, licherolo linkabwerako ndi mapichesi. Akandibwereka mphika, ndinkapezamo mazira awiri. Amuna anga atamwalira, ndi iwo amene anagona nane pamphasa mwezi wathunthu. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti amene ndikuwadandaulawa sanali munthu wamba kwa ine.

Matenda anandiyamba m'nyengo yozizira, nkhungu itaphimba mapiri mpaka masana. Anzanga akuwothera dzuwa atafunda zitenje ziwiriziwiri, ine ndinkangogugudiza madzi ngati ng'ombe yochokera pangolo. Ndikamwa, kuseri. Ndikabwerako, ludzu. Chitenje chinayamba kundizungulira kawiri. Tsiku lina tikupalira nyemba kudimba, achinjira anaona nyerere zitadzaza pamalo pomwe ndinataya madzi.

"Achinjira," anatero, "izi si zongopemphera ayi. Mawa tilawirire kuchipatala."

Tinapita awiri. Tinayenda wapansi mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi ya ku boma. Pabenchi podikira panali bambo wina wodulidwa mwendo m'munsi mwa bondo. Akazi ake anandiuza kuti chinayamba ndi kachilonda ka minga chabe, koma chifukwa cha shuga sikanapole. Ndinawamvera chisoni ngati nkhani ya eni ake. Nthawi yanga itakwana, anesi anandibaya chala, n'kuika kadontho ka magazi pa kamakina, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, muli ndi matenda a shuga."

Ndinaseka. Ndinati amenewo ndi matenda a mabwana oyenda pa galimoto, ine wa khasu andipeza bwanji? Anesi sanaseke. Anayamba kundiyalira: tiyi wopanda shuga, ufa woyera ndiusiye ndidye mgaiwa, mtanda umodzi wosaposa chibakera changa, masamba ochuluka, mbatatesi pang'ono, mapiritsi tsiku lililonse. Mutu wanga unali utaima. Amene ankamva bwino anali achinjira, omwe anakhala pambali panga atagwira kabuku kanga ka kuchipatala. Ndi iwo amene anafunsa, ndi pakamwa pawo:

"Nanga thobwa, anesi? Awa ndi eni thobwa kwathu."

"Lothira shugalo asayerekeze," anatero anesi. "Mwamuona bambo ali panjayo?"

Pobwerera ndinawapempha kuti nkhaniyi ithere pakati pa ife awiri. Kumeneko ndiko kulakwa kwanga, ndikuvomera. Koma inunso mukudziwa zomwe mudzi umanena ukaona mkazi wamasiye akuonda uku akumwa mapiritsi m'mawa uliwonse. Sindinafune kulowa m'kamwa mwa anthu. Achinjira anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Za inu ndi za ine. Musade nkhawa."

Miyezi yoyamba inali yowawa, abale inu. Tiyi wopanda shuga amakoma ngati madzi otsukira mbale, asakunamizeni munthu kuti mudzazolowera msanga. Mgaiwa ndinkauona ngati chakudya cha ana a sukulu zogonera konko, koma ndinapezeka ndikuuza wa pachigayo kuti asakonole, iye n'kundifunsa ngati kunyumba kwagwa njala. Chisoso chomwe ndinkazula n'kutaya kumphepete kwa munda ndinayamba kuchithyola mwaulemu. Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi mbatatesi. Ndilime ndekha, ndikumbe ndekha, matumba akwere lole kupita ku Lilongwe, ine ndidye ziwiri zokha ngati mlendo wamanyazi! Ndinkaona ngati munda wanga womwe wanditembenukira. Koma ndikakumbukira mwendo wa bambo uja, ndinkameza mate n'kubweza mbale.

Thobwa sindinasiye kuphika, poti anthu sanasiye kundipempha. Ndinangosiya kumwa. Mwina kukhudzitsa mlomo kokha sikukanandipha, koma mantha anali atandilowa m'mafupa, ndipo ndinkadzidziwa ndekha kuti ndikalawa kamodzi chipanda chonse chitha. Choncho ndinkatunga n'kupatsa aliyense amene ali pafupi, n'kunena kuti ndakhuta utsi. Ulendo woyamba anthu anaseka. Wachiwiri anayang'anana.

Kenako kunamwalira gogo wina amene anamwa nawo thobwa langa pa tsiku lokumba mbatatesi. Gogoyo anali atatsokomola zaka zambiri, mudzi wonse unkadziwa. Koma atangoikidwa m'manda, ndikafika pamjigo nkhani zinkaduka. Azimayi omwe ndinawaphikira pa maukwati awo ankandipatsa moni wa m'mphuno. Mawu anandipeza ndithu, poti khoma lili ndi makutu: ati amaphika koma samwa, n'chifukwa chiyani? Ati kuondako si kwabwino, pali chimene chikumudya. Ndinapita kwa achinjira ndikulira.

"Asiyeni," anatero. "Pakamwa pa anthu mungapatseke? Ine ndilipo, ndinamva ndekha zimene ananena anesi."

Ndinabwerako mtima uli m'malo. Ndinali ndi mboni.

Chaka chomwecho mwana wawo wotsiriza anapeza mwamuna wa ku Lobi, ndipo tsiku la chinkhoswe linakhazikitsidwa. Nanga thobwa akanaphika ndani? Masiku atatu ndinali pamoto, maso akuyabwa ndi utsi, ndikutakasa phala, kuliziziritsa, kuthira chimera, kuwiritsanso. Kukoma kwake ndinkangoyeza ndi mphuno. Shuga ndinathira monga mwa kale, wosaumira, chifukwa mwanayo ndinamusambitsa ndine tsiku lomwe anabadwa. M'mawa wa tsikulo tinasenza ndowa ziwiri zodzaza mpaka m'milomo.

Anthu anadza ambiri. Akuchimuna anakhala mbali yawo pansi pa mtengo wa pichesi, ife akuchikazi mbali yathu. Ankhoswe atatha zawo, ndinagwada pa ndowa, n'kutunga chipanda choyamba, n'kuchipereka kwa azakhali a mnyamatayo, mayi wamkulu wa duku lofiira amene ankaoneka kuti ndiye mwini mawu kumbali yawo. Sanatambasule dzanja.

"Kwathu wophika amayamba wachotsa ufiti," anatero. "Kaya kuno mwambo ndi wina?"

Ndinadziwa pomwepo kuti mphekesera zija zinakwera mapiri mpaka ku Lobi. Ndinaona kuti chinsinsi chatha ntchito, ndipo ndinayankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Pepani amayi. Sindimwa chifukwa ndimadwala matenda a shuga. A chipatala anandiletsa."

Wina kumbuyo anaseka. Bambo wina anati, "Shuga woti akupheni inu nokha, ife ayi?" Azakhali aja sanaseke, anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kutembenukira kwa mwini khomo.

"Amake mwana, awa akuti ndi achinjira anu. Za matenda akunenazi mukuzidziwa?"

Mtima wanga unagwa pansi ndi chimwemwe. Ndinati basi, zatha. Ndinawayang'ana achinjira ndikumwetulira ngati chitsiru. Iwo anali atakhala pamkeka atavala chitenje chofanana ndi changa, chomwe tinagula limodzi chifukwa cha tsikuli. Anayang'ana azakhali aja, anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana zala zawo.

"Ine ndiye sindinamvepo," anatero. "Mwina anapita okha."

Mayo ine! Ndinamva ngati andithira madzi a m'mawa a mu Juni. Mayi amene anaona nyerere zija, amene anandidzutsa kuti tilawirire, amene anafunsa anesi za thobwa ndi pakamwa pake! Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Awa anaona zanga zikuyaka n'kusendera kutali kuti utsi usawadetsere chitenje.

Kabuku ka kuchipatala kanali kunyumba, m'sutikesi. Ndikanatha kukatenga. Koma munthu amene anzake akumuganizira ufiti akadzuka pagulu n'kuthamangira kunyumba, amati wathawa. Ndipo kunena zoona, nthawi imeneyo sindinkaganiza za kabuku. Ndinali nditapsa mtima kwambiri. Ndinakweza chipanda chija n'kumwa chonse osapuma. Ndinatunganso m'ndowa yachiwiri n'kumwanso chonse, maso anga ali pa achinjira. Ha, kukoma kwake! Miyezi yonse ija ndisanalawe, thobwa langa lomwe, lozuna bwino, la chimera chokhwima. Ndinkamwa misozi ikugwera m'chipanda momwemo. Chachitatu ndinamwa chifukwa cha mkwiyo basi.

"Mwaona?" anatero bambo wonyoza uja. "Shuga wake ali kuti? Si uyu wamwa ngati mnyamata?"

Anthu anaseka, nthungululu zinalira, ndipo thobwa linatha lonse mpaka kukokota. Choncho ufiti ndinauchotsa, koma ndinasanduka wabodza. Chinkhoswe chinayenda bwino kwambiri, anthu mpaka lero amachitchula.

Ine ndinachoka gule asanayambe. Pofika kunyumba lilime linali litauma ngati chikopa, mutu ukugunda, maso akuona zinthu ngati kudzera m'nkhungu. Masiku awiri ndinagona, ndikungodzukira madzi ndi kuseri. Tsiku lachitatu ndinadzikoka ndekha kupita kuchipatala. Anesi ataona kamakina kawo anandikalipira ngati mwana. Anafunsa kuti, "Anzanu aja lero ali kuti, amene amamva bwino aja?" Ndinati atanganidwa ndi alendo.

Ndinkadikirabe. Ndisanamepo, ndinkadikira. Ndinkadziuza kuti anachita mantha, anaopa kuti akuchimuna anganene kuti mayi wa mkwatibwi amagwirizana ndi mfiti, ukwati wa mwana n'kutha usanayambe. Mayi aliyense amatchinga mwana wake, inenso ndine mayi. Ndinkati abwera, atseka chitseko, anena kuti achinjira ndinakulakwirani. Ndinali nditakonzeka kuwakalipira pang'ono, kulira nawo, kenako n'kuwaphikira tiyi wawo wa shuga.

Anabwera Loweruka masana, koma sanabwere okha. Anali ndi azimayi anayi a m'mudzi, ena mwa omwe ankaduka nkhani pamjigo aja, akuimba nyimbo yothokoza. Anatula ndowa zanga pabwalo, zotsukidwa bwino mpaka kuwala. Ndinatuluka ndikugwira khoma. Achinjira anagwada monga mwa mwambo, n'kuvundukula nsalu yomwe inali pa ndowa imodzi.

M'katimo munali paketi ya shuga. Yaikulu, yosatsegula.

N'zoona, wophika thobwa amathokozedwa ndi shuga, ndi mmene timachitira kwathu. Koma mayi ameneyu anali ndi nkhuku, anali ndi nyemba, anali ndi kabichi dimba lonse. Anasankha shuga kuti azimayi aja aone ndi maso awo kuti iye za matenda anga sanamvepo. Bodza la pa chinkhoswe lija anabwera kudzalimangira mpanda pakhomo panga pomwe.

Ndinawerama ngati ndikuyang'ana mphatsoyo, n'kufunsa motsitsa mawu kuti ena asamve:

"Achinjira, mukufuna ndimwe ameneyu?"

Sanandiyang'ane. Anakankhira ndowa ija kumapazi anga, n'kunong'ona:

"Landirani, anthu akuona."

Ndinalandira. Ndinawomba m'manja, n'kuthokoza, azimayi aja n'kuimba nthungululu.

Papita zaka zitatu tsopano. Mgaiwa ndinauzolowera, tiyi ndimamwa wopanda kanthu, miyendo yanga yonse iwiri ilipo. Kabuku kanga ndimayenda nako m'chikwama kulikonse, ndipo aliyense wofunsa ndimamuonetsa asanamalize funso. Thobwa ndinasiya kuphika, mbiya zanga ndimasungiramo nyemba. Achinjira timakumana ku tchalitchi, timapatsana moni wa mtendere ngati anthu ena onse.

Nsalu yomwe anavundikira ndowa ija ndi yawo, ndipo mwa lamulo lathu ndiyenera kuibweza ndi kanthu. Ili m'sutikesi, yochapa, yopindidwa bwino. Ndayang'ana m'nyumba muno ndi m'munda monse, sindinapezebe choti ndikulungemo.