Mseu wa a Tobiasi

A Tobiasi Fadili sanaombepo mfuti. Kunkhondo anali sokorista, womanga mabala ndi kunyamula ovulala pa machira. Zitafika povuta anathawira ku Malawi ndi banja lawo. Mtendere utabwera anabwerera kwawo ku Entre Lagos, ana asanu onse amoyo, ndipo onsewo anaphunzira, wina asakunamizeni. Pobwererapo, pamutu anasenza thumba la zida zawo: lumo, majekeseni agalasi, kapoto kowiritsira singano, ndi nsalu ya machira.

Atamanga nyumba anapatula chipinda chimodzi, nayalamo zidazo. Machira anawaika nsungwi zatsopano. Ankafuna anthu adziwe kuti kunkhondo kunalinso manja opulumutsa. Koma chaka chinatha osabwera ndi mmodzi yemwe.

"Bambo a Rabeca," anatero akazi awo, a Ana, "chimanga chikuuma kumunda. Tikafika pokolola popanda wodzaona zitsulo zanuzi, ine ndilowetsamo matumba."

A Tobiasi anatenga thabwa, nalemba m'Chipwitikizi kuti MUSEU, najambula muvi, n'kukalikhoma pamphambano.

M'mawa mwake kunamveka mabelu. Ogula nsomba atatu ochokera kunyanja ya Chiuta analowa pabwalo ndi njinga zawo, madengu kumbuyo, nkhuku balala, mpaka kukaima pampanda wa bafa.

"Kodi mseu wake wathera pati?" anafunsa wamkulu wawo, a Athumani.

"Mseu wanji?"

"Mwalemba nokha apo! Ife timati ndi wachidule wa ku siteshoni."

"Ndi muzeu, abale! Nyumba yosungira zakale."

A Ana anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Alendo anu aja ndi amenewa, bambo. Alandireni."

A Athumani anapempha madzi. Akudikira anasuzumira m'chipindamo, n'kuima chilili. Pakona ya nsalu ya machira panali chigamba cha kapulana yofiira. Anakhala pansi, nakwinya buluku, kuonetsa chipsera chachitali pamwendo.

"Chigamba ichi ndinachiyang'ana tsiku lathunthu nthawi ya nkhondo, atandinyamula kuchokera ku Amaramba. Panali munthu ankangonditukwana kuti ndisagone, ndikagona ndifa."

A Tobiasi anagwada, nasisita chipseracho ndi chala. Anazindikira kasokedwe kawo.

"Ndinu amene munatithyola mapewa inu? Kulemera ngati thumba la mchere!"

"Bodza, achimwene! Ndinali ngati usipa."

Tsikulo nsomba zinafika mochedwa pamsika. Lachisanu a Athumani anabweranso ndi akazi awo, ana, ndi theka la anthu a kumzikiti kwawo. Anagona okha pa machirapo kuti onse aone mmene ananyamulidwira.

Chimanga chinalowa m'nkhokwe yatsopano, imene a Ana anawamangitsa amuna awo akung'ung'udza koma akumwetulira. Thabwa lija silinakonzedwe. Mpaka lero anthu amati akupita ku mseu wa a Tobiasi, ndipo zidzukulu zawo, zonse khumi ndi zinayi, zimadziwa dzina la chitsulo chilichonse m'chipindamo.