Manja a Agogo Sanaiwale Sizasi

"Iwe wapita kusukulu, tandiuza: munthu ungamulande bwanji chinthu chimodzi chokha chimene akuchikumbukira?" Anandifunsa choncho azakhali anga, atelala a pakhonde la sitolo ya mapaipi. Ine n'kuti nditangomaliza sukulu, ndikudziona ngati wodziwa zonse.

Utelala anauphunzira kwa bambo awo, agogo anga. Tsopano agogowo mutu unasokonekera. Sadziwa tsiku, sadziwa kuti akazi awo anamwalira, ndipo akamaitana azakhali amangoti "iwe wophunzira", poyesa kuti akadali kuwaphunzitsa ntchito. Akatsala okha kunyumba amatuluka n'kusochera. Ndiye m'mawa uliwonse azakhali amawasambitsa, kuwaveka jekete, n'kukawakhazika pampando pafupi ndi makina.

Koma manja awo sanaiwale kanthu. Azakhali akangotembenuka kuti ayeze kasitomala, agogo atola kale chovala chomalizidwa, achiyang'anitsitsa padzuwa, ayamba kuphwasula msoko ndi nsonga ya sizasi.

"Wakhota uwu! Umasoka ndi maso kapena ndi mapazi?"

"Ababa, diresi la eni ake limenelo, abwera kudzatenga masana ano."

"Ndiye avale zokhota? Pakhonde panga ayi."

Mwini sitolo amafa nazo kuseka: "Abwana akana, mayi, bwerezani!" Azakhali amaseka nawo, koma msoko umodzi amausoka katatu, msana uli phwa.

Tsiku lina azakhali anabisa sizasi. Agogo anapisa m'matumba, anasuzumira pansi pa tebulo, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira, ati achotsedwa ntchito. Tsiku lonse osadya. Azakhali anaitulutsa n'kuwapatsa. M'mawa mwake agogo anadula mkono wa yunifolomu ya namwino wina. Namwinoyo sanakalipe, anangotenga nsalu yake, ndipo anzake onse anasiya kubwera.

Makasitomala akutha mmodzimmodzi. Kuchipatala anati matendawa sabwerera m'mbuyo. Azichimwene a azakhali amangoimba foni: "Limbani mtima, achemwali." Azakhali amayankha kuti zikomo, n'kupukuta agogo dovu pachibwano.

Ine ndinkafuna kuchoka, kupita kutali kumene anthu angandidziwe dzina. Ndaganiza zodikira kaye. Kuyambira Lolemba ndizikhala pakhondepo ndi zidutswa za nsalu, n'kumasoka zokhota dala, agogo azipeza wom'kalipira, mwina azakhali n'kumalizako diresi limodzi.